A Sizasi ndi mapepala awo

Mlamu wanga, amene tonse tinkawatcha a Sizasi, sankatha kuona pepala osalidula. Nyuzipepala, kalendala, chikuto cha buku la nyimbo, zonse zinkathera m'thumba la jekete yawo. Akafika kukachipinda kawo kuseri kwa shopu yanga ya fotokope, ankamata zidutswazo ndi guluu papepala lalikulu, nkupakapo penti mpaka chithunzi chituluke.

Kometetsa, ukati utsegule nyuzipepala unkangomuona wometa kudzera pabowo.

"A Sizasi, mwatidyeranso tsamba la mpira!" ankakalipa wometayo.

"Mpira wanuwo sindinaukhudze. Ndangotengako thambo la kumbuyo kwa goloboyi. Buluu ameneyu m'chitini sapezeka."

Tsiku lina mchemwali wanga, mkazi wawo, anapeza chithunzi cha ukwati chili ndi bowo pankhope pake.

"Bambo, maso anga ali kuti?"

"Ndawapatsa mbalame. Tabwera uone mmene akuwalira."

Sanawayankhule sabata ziwiri.

Nthawi ya chisankho anakanganula mapositala a khansala, nkumuumba ndi makutu asanu koma wopanda pakamwa, nkukamupachika pamsika. "Ndamukonza," anatero. "Mwina tsopano azimva." Anagona kupolisi masiku awiri, ndipo pofika kunyumba chikalata cha belo chinali chilibe chidindo. Ati mtundu wa inkiyo unawasangalatsa.

Tinkaseka, inenso ndinkaseka. Makasitomala akamadikira mapepala awo ndinkawaitana kuti adzasuzumire wamisala wathu. A Sizasi ankaganiza kuti ndawabweretsera odzaona ntchito yawo, ankapukuta mpando ndi mkono wa jekete. Zaka makumi awiri, palibe anapemphako chithunzi ngakhale chimodzi.

Chifuwa chinawatenga nyengo yozizira. Patatha miyezi isanu kunabwera mayi wa magalasi pagalimoto, wochokera kunyumba yoonetserako zaluso mumzinda. Anali atangotsegula envelopu ya chithunzi yomwe a Sizasi anatumiza kalekale.

"Munthu ameneyu anali katswiri. Zithunzi zina zili kuti?"

Mchemwali wanga anayang'ana mbaula.

"Zinkayaka msanga, mayi. Guluu uja."

Chinatsala chimodzi chokha, chomwe ndinatsekera zenera losweka la kachipinda kaja: anthu pamzere wa basi, aliyense wopangidwa ndi zidutswa za matikiti. Mayiyo anavala magolovesi oyera pochichotsa, pamene ine ndinachikhomera ndi misomali inayi ya malata. Wometa anathamangira kugalimoto kukanena kuti malemuwo anali mnzake wapamtima. Khansala naye akuti akufuna dzina lawo lilembedwe pageti la msika.

Pazenerapo ndinatsekapo katoni ya sopo. Mphepo imalowabe m'mbali, nkumagwedeza chitseko cha kuseri tsiku lonse. Makasitomala amadikira akuyang'ana makina akulavula mapepala ofanana, ndipo ine ndilibenso chowauza.