Tsiku Lodalitsa Boti Langa

Nkhani iyi ku Nangongwe amaidziwa kale, ndiye bola ndiinene ndekha, manyazi andigwire kamodzi.

Chaka chomwe anatidula ntchito ku fakitale ya nsalu, anzanga onse anathamangira kugulitsa salaula, zovala za kaunjika. Ine ayi! Ndinatenga package yonse, ndalama zomwe anatipatsa potidula ntchito, n'kugula boti la injini la second hand, loti ndiziyendetsa anthu a ku Lusaka pamtsinje pa weekend. Mkazi wanga, amake Tiza, anangogwira pakamwa.

Malo olisungira ndinawapeza ku marina, padoko la maboti. Unali mwezi wa Okutobala, madzi a mumtsinje wa Kafue atatsika. Poopa akuba, ndinalikokera botilo pamzati wa doko n'kulimanga m'munsi ndi unyolo waufupi, wothina zedi. Lisasunthe ngakhale pang'ono!

Injini ndinaipereka kwa makaniko. Spare n'kusowa, mvula n'kuyamba, ine ku marina osapondako. Mtima unali m'malo.

Injini itachira, ndinaitana abusa athu ndi kwaya yonse kuti akadalitse boti. Tinatsika minibasi tikuimba, ine patsogolo, nditavala suti ndi kapu ya ukaputeni.

Kufika padoko, madzi okhaokha!

"Bakawalala!" ndinakuwa. "Banibela boti yanga!"

"Mayo! Package yonse!" Amake Tiza anakhala pansi, manja kumutu. "Manje bana bazadya chani?"

"Osalila, ba Tembo," anandiuza abusa akuvula jekete. "Wamene anaba iyi boti, lelo sazagona!"

Pemphero linayaka. Kwaya inazungulira doko, ena m'malilime, ena akumenya matabwa ndi mapazi. Ine ndinaposa onse. Ndinamanga wakubayo miyendo, ndinam'manga manja, ndinamuitanira moto kuti aonekere poyera, achite manyazi pamaso pa anthu!

"Fire!" anayankha a kwaya.

Pamenepo mayi wina wa alto, yemwe ankapemphera maso ali otsegula, analoza pansi.

"Ba Tembo, nanga ichi cha blue mu manzi ni chani?"

Tonse tinasuzumira. Boti langa! Lili phee pansi pa madzi, mphuno ili pa unyolo, tinsomba tikusewera pampando wa kaputeni. Mtsinje unakwera ndi mvula, boti linafuna kukwera nawo, unyolo wanga unakana, madzi n'kulowa.

Abusa anavala jekete lawo pang'onopang'ono, n'kundigwira paphewa.

"Ba Tembo, tachedwa. Yazibatiza yeka."

Kwaya inaseka mpaka ena kugona pamatabwa. Amake Tiza okha ndi amene sanaseke.

Masiku ano ndisanaitanire wakuba moto, ndimayamba ndafufuza ngati wakubayo si ine.