Tsiku Limene Ndinafunditsa Akamwini Chitenje

Pali nkhani zina zimene munthu umaulula mano atatha, poti wokuseka alibenso chokulanda. Iyi ndi imodzi. Mpaka lero ndikamadutsa pa nyumba za aphunzitsi zija kumtunda kwa mtsinje wa Domasi, ndimayenda ngati ndachedwa kumaliro.

Zinachitika zipani zitangochuluka kumene. Mwana wanga Esinati anali atachira mwana wachiwiri, ine ndinapita kukamuthandiza. Amuna ake, bambo a Tiyanjane, anali atangobwera kuchokera kusukulu kunja. Anabwerako ndi chijekete chachikulu, ndi kabokosi kakuda kamene anakaika pambali pa telefoni.

Tsono mudziwe kuti ine ndi akamwini angawo tinkapewana monga mwa mwambo. Zaka zisanu ndi ziwiri osayang'anana m'maso. Iwo akalowa pabalaza, ine kukhitchini. Tikakumana panjira, wina ankapatukira m'chimanga. Mawu onse ankadzera mwa Esinati. Umenewo ndiye unali ulemu wathu, ndipo ndinkaunyadira kuposa mpunga wanga wakudambo.

Lolemba m'mawa akamwini anapita kuntchito, Esinati kusikelo ndi khanda. Ine ndikuchokera kosamba, kansalu kamodzi pachifuwa, telefoni inayamba kulira. Sindinaigwire, si yanga. Inalira kanayi. Kenaka pabalaza pomwepo ndinangomva mawu a akamwini: "Pepani, pakhomo pano palibe munthu. Siyani uthenga."

Ndinagwada, thovu lili m'khutu.

"Pepani bambo, sindinadziwe kuti mwabwerera."

Zii. Ndinakwawira kuseri kwa mpando, n'kukhala pamenepo mpaka miyendo kuchita dzanzi. (Chinkandidabwitsa n'chakuti bambo wamkulu, wopemphera, akunamiranji kuti palibe munthu, ine ndili pompo.)

Esinati anandipeza kumeneko. Anaseka mpaka mwana anadzuka.

"Mayi, si iwo. Ndi makina. Anajambula mawu awo mukaseti, kamayankha kokha tikachoka."

"Kamamva?"

"Sikamva."

"Nanga kamadziwa bwanji kuti telefoni yalira?"

Anati akasinthe mwana thewera.

Ine ndinaganiza zanga. Mawu a mkamwini ndi mkamwini basi, kaya ali m'thalauzi kaya ali m'bokosi. Mawa lake kunabwera Abiti Saidi, mnzanga amene tinagundana minda kudambo, kudzaona khanda. Esinati anali panja akuchapa. Abiti Saidi anakasuzumira kabokosiko ataima patali.

"Achemwali, chinthu cholankhula koma chosadya, ine sindingagone nacho nyumba imodzi."

Ndinafuna ticheze momasuka, choncho ndinatenga chitenje n'kukafunditsa bwinobwino. Chitenje chinkatsetsereka, ndiye ndinasanjikapo mbale ya mpunga kuti chikhazikike. Kanalira kuti piii. Ndinati kathokoza. (Pamabatani pake panali zolemba, koma ine zolemba ndimaziona ngati nyerere zafera pakhoma.)

"Akamwini anuwa ndi otani kodi?" anafunsa Abiti Saidi.

"Munthu wabwino. Samwa, samenya. Koma khasu, achemwali! Anabwera kudambo kwanga atavala sokosi, n'kuzula mpunga kusiya udzu. Nanga kudya? Chigayo chimapumako magetsi akazima, iwowa ayi. Mayi awo nawonso, kubwera kudzaona mdzukulu ndi nkhuku yoonda, tinachita kukambirana ngati tiiphe kapena tipite nayo kuchipatala."

Tinaseka, tinamwa tiyi, Abiti Saidi anapita. Ndinachotsa mbale ndi chitenje changa. Masana omwewo ine ndi Esinati tinapita kumudzi kukaonetsa mwana, masiku anayi.

Zimene zinatsatira ndinazimva pambuyo. Mbale ija inali itadina batani lojambulira. Mawu a akamwini anafufutika, m'malo mwake munalowa anga. Aliyense woimba masana, mwini nyumba ali kuntchito, ankalandiridwa ndi ine. Akuti ena ankaimba kawiri. Ena ankaitanira anzawo. Akamwini akafika madzulo kumvera mauthenga, ankangopeza anthu akuseka n'kudula. Kuntchito mnzawo wina anawafunsa kumene amagula sokosi zolimira.

Tinabwerera Loweruka. Tinapeza akamwini akhala pakhonde, moni wawo wamfupi. Esinati analowa, nadina batani la mauthenga. Munamveka mawu a mayi wachikulire, akuimba kuchokera ku Liwonde: "Ndine mwini nkhuku. Ndamva."

Basi, uthenga wonse unali womwewo.

Esinati anadina batani lina. Poyamba sindinazindikire kuti mawu amene ankatulukamo ndi anga. Ndinatsala pang'ono kufunsa kuti mayi wamwanoyu ndi wa kwa yani.

Tsiku limenelo akamwini anadya zipande ziwiri zokha za mpunga n'kusamba m'manja. Mawa lakenso chimodzimodzi. Chimenecho chinandipweteka kuposa kutukwanidwa. Ndinauza Esinati kuti akandipepesere.

"Iyayi mayi. Munalankhula nokha, pepesani nokha."

"Ndiwayang'ane kumaso?"

Anaganiza pang'ono. "Pitani kwa mayi Phiri apa, nawonso ali ndi telefoni. Muimbe. Ndiwauza bambo a Tiyanjane asayankhe. Mulankhule ndi kabokosi, iwo amva."

Ndinaona kuti ndi nzeru. Chimene chinandipalamulitsa chindipepeserenso. Ndinavala chilundu cha kutchalitchi, ndinapita kwa mayi Phiri, iwo anandizungulizira nambala. Ndinagwada. Mawu a akamwini anali atabwereramo, ozizira pang'ono kusiyana ndi kale. Piii.

Munthu supepesa usanapereke moni, ndinaleredwa choncho.

"Mwaswera bwanji bambo? Ine ndaswera, kaya inu. Kuntchito kukuyenda? Nanga mayi ku Liwonde, mwendo uja ukupezako bwino? Achimwene anu a ku Malosa, ndi ana onse? Tithokoze Mulungu. Kwathu mvula yavuta koma mpunga waima. Tsono bambo, za mawu aja. Zonse ndinanena zija ndi zoona ndithu, koma..."

Piii.

Palibe anandiuza kuti kabokosiko kamapatsa munthu kanthawi kochita kuyeza. Ine ndinapitiriza. Ndinati lilime lilibe fupa. Ndinati mkamwini wonga iwo sapezeka kuyambira ku Domasi mpaka ku Chinamwali. Ndinapepesa kupepesa kumene sindinapepesepo kwa munthu aliyense, ngakhale malemu amuna anga. Mayi Phiri anapukuta misozi. Zonsezo zinathera m'waya.

Pofika kunyumba ndinapeza Esinati wagwira kukamwa pakhomo la khitchini. Pabalaza akamwini ankabwereza uthenga wanga kachitatu. "Ndi zoona ndithu, koma." Kenaka anakweza mawu, monga ankachitira polankhula nane kudzera mwa mkazi wawo.

"Esinati, auze mayi kuti ndamva. Ndinamva koyamba, tsopano atsimikiza."

Panalibenso kochitira. Ndinalowa pabalaza, ndinagwada pakati penipeni, ndinakweza mutu n'kuwayang'ana. Tsiku limenelo ndi limene ndinadziwa kuti bambo a adzukulu anga ali ndi chipsera pamphumi. Ndinanena zonse ndi pakamwa panga, popanda moni. Anamvetsera mpaka kumapeto, maso ali pansi, khutu likunjenjemera. Kenaka anaphulika kuseka, nati ndikhale pampando. Madzulo ake anadya monga mwa masiku onse, mwina kuposa.

Kupewana kunathera pomwepo, poti munthu sungathawirenso m'chimanga amene wakuona ukulira mamina ali mbwee. Kuyambira apo akamwini akandiona amakoka mpando n'kukhala pafupi nane. Amandifotokozera za kunja: zitseko zotseguka zokha, mipope yotuluka madzi ukangoionetsa dzanja, masitepe oyenda munthu ataima. Nkhani imodzi imatha maola awiri, ndipo amaibwereza chaka ndi chaka. Ine ndimangoti eya bambo, eya bambo, kothawira kulibe. Makolo amene anati mkamwini azipewedwa ankadziwa chimene ankathawa.