Tipoti ya mpongozi wanga

Lolemba
Mpongozi wanga, amake Chisomo, wandigulira tipoti yatsopano ku Limbe. Yonyezimira mpaka ndikuonamo mano anga otsalawa. Yanga yakale yopindika ija waiika kukhola kuti nkhuku zizimweramo madzi. Loweruka kukubwera amayi a kutchalitchi kudzamwa tiyi. Ndidzathira ndi yatsopanoyi basi, mwana wa eni asamati apongozi ake ndi osayamika.

Lachiwiri
Ndayesa. Tiyi wina akulowa m'kapu, wina akutsetsereka ndi khosi la tipoti mpaka pachitenje. Chifukwa chiyani? Yakale ija mlomo wake ndi wosongoka, umadula tiyi ngati lumo. Iyi mlomo wake wachita kutupa ngati wa mwana wonyanyala. Kodi amene anaipangayo anathirapo tiyi chibadwire?

Lachitatu
Milandu ina:
chivundikiro chikugwera m'kapu ukangopendeketsa,
chogwirira chikuotcha,
dzanja silikulowa potsuka.
Chivundikiro ndachimanga ndi ulusi. Kunsi kwa mlomo ndapaka majarini, nzeru za aneba anga a Nambewe. Kudontha kwachepa. Nyerere zabwera ndi abale awo.

Lachinayi
Ndakhala pakhola kuyang'anitsitsa yakale ija. Chogwirira chili pamwamba, kutali ndi moto. Chivundikiro chili ndi kadzino kokola mkati. Zaka zonsezi kadzinoko sindinakaonepo! Kani sindinkaiyang'ana chifukwa sinkandivutitsa. Tambala akundiponyera diso ngati ndabwera kudzaba.

Lachisanu
Mpongozi ali kuntchito, yatsopano ija ndathamangira nayo kwa okhoma ndowa mumsika wa Ndirande. "Zazing'ono izi, agogo," akutero bamboyo, uku akufinya mlomo ndi pulayala. Tsopano tiyi akutuluka njira ziwiri.

Loweruka
Ndikuloza kapu ya a Nambewe, tiyi akukapeza bulauzi yoyera ya amayi abusa. "Palibe kanthu, agogo," akutero, koma maso akunena zina. Mpongozi wauona mlomo wofinyidwawo. Wangotuluka, wabwera ndi yakale ija, waitsuka ndi sopo, waphika tiyi wina. Ikuthira bwino, mzere umodzi. Koma palibe wafuna kapu yachiwiri. Onse aona kumene yachokera.

Lamulungu
Mpongozi wandipatsa moni m'mawa, ndiye kuti nkhondo palibe. Yonyezimira ija ili kukhola. Tambala akudzionamo nkhope, akuijompha chiyambire kucha. Mwina anapangira iyeyo. Ine ndikumwa tiyi wanga, dontho silinagwe ngakhale limodzi. Akumveka kafungo ka nkhuku pang'ono, koma ndizolowera.