A Sipiriyano ndi Manambala a ku Lilongwe

Kuno ku Guilleme kuli bodza lina lomwe layenda mtunda wautali kuposa mwini wakeyo. Amati malemu a Sipiriyano sankayendadi wapansi. Amati akangobisika kuseri kwa mabulugama ankaimitsa minibasi, ndipo pobwera ankatsikira pa Kamwendo n'kudzipaka fumbi m'miyendo. Analiyambitsa ndi mai Luwiza ogulitsa zitumbuwa pa siteji, munthu woti ngakhale kutchalitchi amapita pa njinga ya kabaza.

Ine ndikuti bodza, ndipo mboni yanga ndi chikhadabo cha chala chachikulu chomwe ndinachisiya pa Msundwe.

Bambo amene uja tayala ankalifuna likakhala kunsi kwa phazi basi, atalidula kukhala nsapato. Ku Chipata ankapita ngati kudimba. Ku Lusaka anayenda milungu itatu, n'kubwera ndi chigamulo: "Mzinda wabwino, wosalala ngati mphasa, koma oyendetsa galimoto kumeneko amayesa munthu ndi nkhuku." Blantyre ankati anaimanga anthu odana ndi mawondo. Ankati mzinda sungaudziwe uli pawindo, uyenera kuununkhiza.

Lilongwe yokha ankainyoza, anali asanaipondemo. "Pafupi pomwepa? Ndidzapita ndikadzakalamba."

Mu 1999 mwana wawo Enifa anapeza mwamuna ku Area 25, ukwati Loweruka 9 koloko. Abale anachita hayala lole.

"Bambo, kamodzi kokha, kwerani," anachonderera Enifa.

"Amako ndinakawafunsira wapansi. Iwenso ndikakupereka wapansi."

Tinanyamuka Lachitatu, ine ndikuti ndiwagwire akukwera. Pa Kamwendo ndinali ndikuimba. Pa Namitete ndinali ndikupemphera. Pa Msundwe ndinawapempha kuti andikwirire pompo, uthenga akapereke okha kwa akazi anga.

"Dzuka, Limbani iwe. Dzina anakupatsa ndani, wabodza ameneyo?"

Lachisanu madzulo tinalowa mumzinda. Ndinati tifunse njira, iwo anakana. "Kufunsa n'kwa anthu osadziwa kuwerenga. Iwe unathawa sitandade 4, khala chete." Tinaona Area 9. Kutsogolo kwake Area 3. Tinawoloka mlatho, Area 2. A Sipiriyano anaima n'kukanda m'mutu.

"Manambala akutha. Tikapitirira tigwera m'dzenje."

Tinagona kwa msuweni wanga ku Kawale, yemwe anali atapita kumaliro, ana ake osadziwa kumene kuli 25. M'mawa tinapeza Area 23, kenako 24, bambo aja n'kumwetulira ngati ndiwo anaumanga mzindawo. Anavala jekete, napukuta nsapato ndi tsamba, n'kupereka moni kwa mayi wina wochapa pakhomo.

"Zikomo mayi, 25 ndi kuseri kwa mpandaku eti?"

Mayiyo anaseka mpaka sopo kugwera m'matope. "Agogo, 25 ili uko kumpoto, kufupi ndi Kanengo. Maminibasi awiri."

"Nanga 24 ndi 25 anayambana chiyani?"

Apa n'kuti 8 koloko itakwana. Minibasi inaima pamphuno pathu, kondakitala akukuwa, "Tauni! Tauni! Malo awiri!" Ndinawagwira mkono.

"Achimwene, ndi ukwati wa mwana wanu uwu. Sindidzauza munthu, ndikulumbira."

Anaiyang'ana minibasi ija nthawi yaitali, ndipo ndinaona maso awo akunyowa. Kenako anavula jekete n'kundiponyera.

"Mapazi angawa adzauza."

Sindinaonepo nkhalamba ikuyenda chotere. Ine ndinkathamanga, iwo akungoyenda, koma ndinkaona msana wokhawokha. Tinafika 12 koloko itadutsa. Kwaya inali itatha nyimbo zonse n'kuyambiranso, wansembe atadya kale nkhomaliro. Koma Enifa anali chikhalire m'galimoto yamaluwa pamsewu, atakana kulowa.

"Akachedwa ndiye kuti akubwera," ankayankha choncho aliyense womufunsa.

Atationa anatsika, nakweza chovala chake choyera m'manja, n'kuyenda ndi bambo ake m'fumbi mpaka kuguwa.

Mu 2006 chifuwa chinawagwira. Kuchipatala ku Boma anapita okha, ulendo wa maola awiri anauyenda tsiku lathunthu, akupuma pansi pa mtengo uliwonse. Sanabwerenso. Bokosi lawo lole inalipo, koma amuna a m'mudzi tinangoyang'anana, n'kulisenza paphewa mpaka kuno.

Masiku ano msewu uli phee. Anthu amangodutsa pa mawindo, moni wa dzanja basi, ndipo palibenso wotiuza kumene kwapsa mango kapena kumene mlatho wathyoka.

Tsiku lomaliza kuchipatala kuja mai Luwiza anabwera ndi zitumbuwa, manyazi ali m'maso, koma lilime silinapirire.

"A Sipiriyano, pano mulape. Simunakwereko ngakhale kamodzi?"

Bambo aja anakoka bulangete pang'onopang'ono, natulutsa zidendene zong'aluka moti ungabisemo khobidi.

"Mayi, minibasi yake iti imang'amba munthu chonchi?"