Ankhoswe Anga ndi Bakha wa pa Potomac

Malemu a Rashidi, oyendetsa takisi ku Alexandria, anali ndi nthenda imodzi: bakha. Osati wa m'mbale ayi, koma wakutchire womira m'madzi uja, amene kuno amati greater scaup, iwo n'kumati sikopu wamkulu. Kukangoyamba kuzizira, abakhawo n'kutera pamtsinje wa Potomac, mutu wa a Rashidi unkaima. Munthu wothamangira ndege ankangoona takisi yaima m'mbali mwa madzi, dalaivala watuluka ndi zoonera patali.

Ine ndinkaseka nawo, mpaka tsiku limene anatsala pang'ono kundiphera ukwati.

Kuno kudziko lachilendo ndinalibe mbale, choncho ndinawapempha kuti akhale ankhoswe anga pokafunsira Towera. Malume ake, a Bruce a ku Manassas, anali atanena kale kuti sandikhulupirira. Anatipatsa thu koloko, n'kuwonjezera kuti, "Mukachedwa, musavutike n'kugogoda."

Tinanyamuka nthawi yabwino. Kenako ndinangoona galimoto yakhotera kumtsinje.

"A Rashidi, ku Manassas si uku!"

"Faifi minitsi, Alvin. Dzulo kwatera gulu. Tagwira kiyi wa galimotoyu, ndione bwino."

Tinaima pagombe, mphepo ya Januwale ikubaya m'makutu, ine thukuta lili kamukamu m'suti.

"Taona uyo. Diso lachikasu, chifuwa chakuda, m'nthiti moyera, mlomo wabuluu. Ndi sikopu wamkulu kapena wamng'ono?"

"Ndi bakha! Tiyeni!"

"Vuto lanu ana inu ndi limenelo. Wamng'ono ali ndi kansonga kunkhongo. Wamkulu mutu wake ndi wobulungira, ndipo padzuwa umabiriwira. Koma uyu wangovuuka kumene, nthenga zagona, mutu ungatinamize. Tidikire auluke."

Foni inalira katatu. Anali Towera. Bakha uja anamira, anavuuka, anamiranso. Ndinafunafuna mwala woti ndimugende, koma miyala yonse inali itamatirira pansi ndi ayezi. Patatha ola lathunthu, mwini wake anauluka.

"Waona! Mzere woyera wa paphiko wafika pafupi ndi nsonga. Wa wamng'ono umathera pakati. Ndi wamkulu ameneyo!"

Tinafika ku Manassas fili koloko itakwana. A Bruce anatsegula chitseko n'kuima pakhomo pomwepo. Kumbuyo kwawo ndinaona Towera atakhala pamasitepe, maso ali psuu.

"Mwachedwa ndi chiyani?" anafunsa a Bruce.

Ndinapemphera chamumtima kuti ankhoswe anga anamizire magalimoto pamsewu.

"Bakha," anatero a Rashidi.

Ndinadziwa kuti Towera ndamutaya.

"Wachedwetsa ndine, bambo," anapitiriza motero. "Koma kiyi wa galimoto anali m'manja mwa mnyamatayu. Akanatha kundisiya pamphepo nkhalamba ine, n'kuthamangira kuno. Anandikalipira, analira, koma sanandisiye. Ine sinditchula dzina la mbalame ndisanaione mapiko. Uyu ndamuona."

A Bruce anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Analiradi?"

"Ngati mwana wolandidwa bere."

"Lowani," anatero, "mukulowetsa mphepo."

Pobwerera ndinawafunsa a Rashidi ngati anachita dala. Anandiyang'ana modabwa. "Dala chiyani? Bakhayo ndi amene anachedwa kuuluka."

Ntchito ya nkhoswe sithera paukwati. Ine ndi Towera tikayambana, a Rashidi ankabwera, n'kukhala pakati pathu pasofa, n'kufotokoza za mitu ya abakha mpaka ife kuiwala chimene timakanganira.

Anatisiya chaka chatha, mtima utangoima mwadzidzidzi. Abakha anabweranso, koma kugombe kuja kulibenso wokuwa Chichewa pamphepo, ndipo ine a Rashidi ndimawasowa koopsa.

Sabata yatha tinayambananso, mkangano weniweni. Towera anatola foni mokwiya nati, "Ndikuwaimbira a Rashidi!" Anafika mpaka padzina lawo. Kenako anaika foniyo pathebulo pang'onopang'ono, n'kudzakhala pafupi nane.