Kabuleta ya Apongozi Anga

Abale, mukandiona ndikuthawa galimoto yotsegulidwa boneti musandifunse zambiri, nkhani yake ndi iyi, sekani mukhute.

Inali nthawi ija makampani aboma ankagulitsidwa, enafe atatichotsa ntchito tikungozungulira m'Kabwata manja m'thumba. Apongozi anga aakazi, amayi ake a mkazi wanga Tamara, make mwana wathu Dalitso, ankakhala ku Woodlands, ndipo m'garaja mwawo munali chigalimoto chakale cha malemu amuna awo. Galimoto imeneyo ndiyo inanyamula ana awo ena onse aakazi pa tsiku la ukwati. Tsopano Loweruka ankakwatiwa Misozi, womaliza, ndipo mayiwo ananenetsa kuti mwanayo sakwera ina ayi, akwera ya atate ake. Vuto linali loti galimotoyo inkatsokomola, ukangoiponda n'kuzima.

Ine pakamwa! Ndinauza Tamara kuti, "Kauze amayi asavutike ndi amakaniko, ndi kabuleta chabe imeneyo." Ndinati kauze chifukwa kwathu kum'mawa mkamwini salankhula ndi apongozi maso ndi maso. Chikwatirire, tikakumana pakhomo iwo amapatukira uku ine uko, mawu onse amadzera mwa Tamara. Nanga kabuletayo, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya pa injini, ndinkaidziwira kuti? Ndinali kalaliki wolemba manambala a masipeya m'buku, sipanala sindinaigwirepo chibadwire.

Lachitatu Tamara anapita ndi mkwatibwi kwa alangizi ku Chelstone, kukakhala komweko mpaka tsiku la ukwati. Panyumba pa apongozi ku Woodlands tinatsala awiri, ine panja, apongozi m'nyumba. Tiyi ndinkangomupeza pakhonde, katani wa pawindo akugwedezeka pang'ono.

Ndinakopera nambala yaikulu imene inali pathupi pa kabuletayo, ulendo wa m'tauni kwa ogulitsa masipeya. Bambo wa m'sitoloyo anayang'ana kapepala kanga n'kundibwezera.

"Ba mudala, iyi ni nambala ya chikombole chabe, ili pa makabuleta yambili. Yeniyeni ili pa kachitsulo kang'ono kamene kamangiwa pambali. Manambala yoyamba ni kukula kwa pakhosi, malembo ni mtundu, yakumapeto ndiye yauza injini na majeti yake, tumabowo topitila petulo. Bwelani nayo nambala iyo."

Ndinabwerera thukuta lili kamukamu. Kachitsuloko ndinakapezadi, kopyapyala ngati chivindikiro cha chitini, koma kokutidwa ndi litsiro la zaka zambiri. Munthu wanzeru akadatani? Palafini pang'ono ndi kansanza, basi. Ine ndinatenga sandipepa. Ndinakhula, ndinakhula, kachitsulo kanawala bwino kwambiri, ndipo nditakayang'anitsitsa padzuwa nambala yonse inali itapita. Yonse! Kunatsala kamchira ka chilembo chimodzi. Kumbuyo kwanga ndinamva apongozi akukhosomola pawindo kawiri. Sindinacheuke.

Lachinayi ndinati basi, ndimasula kabuleta yonse akaione okha. Ndinaiika m'pulasitiki n'kukwera minibasi, osadziwa kuti m'kati mwake mumatsalira petulo. Tisanafike patali petulo anali atayenderera pa chitenje cha mayi wina, basi yonse ikununkha, bambo wakumbuyo akuzimitsa fodya mwamantha.

"Imwe ba tate, mufuna kutishoka na moto?" anakalipa kondakitala. "Selukani!"

Ananditsitsa panjira, ndinafika m'tauni wapansi kabuleta ili m'khwapa. Wa m'sitolo uja anaitembenuza uku ndi uku, nati popanda nambala angoyerekeza ndi maso, ndipo anandipatsa ina yogwirapo kale ntchito imene ankati ndi mphwake. Mabawuti analowa bwinobwino. Lachisanu madzulo galimoto inalira, ine n'kuyenda pabwalo chifuwa patsogolo kuti wa pawindo aone.

Loweruka m'mawa taimangirira maliboni, Misozi wakhala kumbuyo m'diresi loyera ndi amayi ake, Tamara kutsogolo, woyendetsa ine. Titalowa mu Burma Road ndinaponda mafuta pang'ono. Phuu! Chiutsi chakuda bii kumbuyo, galimoto zotitsatira zikuliza mahutala, ine n'kumaganiza kuti ndi chisangalalo cha ukwati. Fungo la petulo linadzaza m'kati, Misozi akutsokomola, misozi yeniyeni ikuchotsa zodzola kumaso. Patatsala pang'ono kufika ku tchalitchi ku Kabwata, injini inangoti zii. Ndinaliza kiyi kasanu, kakhumi. Ayi ndithu.

Amalume ake a mkwati, makaniko wakale wa ku migodi, anatsika m'galimoto yawo n'kusuzumira m'boneti.

"Anamangapo iyi ndani? Iyi ni ya injini ikulu, majeti yake yamiza injini na petulo. Nambala simunaone?"

Ndinayang'ana nsapato zanga. Anthu anati mkwatibwi asamukire m'galimoto ina, abusa akudikira. Apongozi, maso ali kutsogolo, anangouza Tamara kuti, "Mwana uyu afika pa galimoto ya atate ake."

Ndiye mwamva. Amalume aja anagwira chiwongolero, ine ndi suti yanga yobwereka kumbuyo, kukankha. Azimayi akumsika akululutira, ena akufunsa ngati ndi mwambo watsopano, mwaye wa ekizozi uli pa thalauza ponse. Ndinachita manyazi, abale, manyazi oti nthaka ing'ambike ndilowe. Koma Misozi anafika pakhomo la tchalitchi pa galimoto ya atate ake, mochedwa ndi ola lathunthu.

Ndili wefuwefu nditatsamira buti ya galimotoyo, apongozi anatsika, anaima chammbali osandiyang'ana, n'kutulutsa m'chikwama kabuku kakuda ka malemu. Anakapereka kwa Tamara, ine ndili pomwepo ndikumva.

"Uwauze atate ake a Dalitso kuti nambala ya kabuleta ili patsamba loyamba, malemu analemba yonse. Ndakhala nako m'manja chiyambire Lachitatu, koma ndinalibe womutuma."

Kuyambira tsiku limenelo ndinalumbira kuti sandipepa sindidzamugwiranso, ndipo ndikamapita kukagwira ntchito iliyonse kwa apongozi, Tamara amakhala pampando pakati pathu mpaka nditamaliza.