Ndinawiritsa mano a atate

Kutchalitchi kwathu kuno ku Chadiza womasulira ulaliki tsopano ndi a Zulu, kalaliki wa kukhonsolo. Poyamba anali atate anga. Anthu amati a Zulu anawalanda malowo, koma amene anawapereka ndine, ndipo ndinangogwiritsa ntchito poto ndi madzi.

Atate alibe dzino ndi limodzi lomwe kumwamba. Anatha onse akugwira ntchito kumigodi, ndipo pobwerera kwathu anabwera ndi oikirira, opangidwa ku Lusaka: mzere wonse pa kambale kofiirira kokakamira kunkhama. Ankawasamala kuposa njinga. Ndi mano amenewo ankaima pambali pa alaliki olankhula Chingelezi n’kumatembenuza mawu awo m’Chichewa, a Zulu ali pa benchi yoyamba, kudikira.

Chaka chimenecho ndinali mu Fomu 2, ndipo tinali titangophunzira za tizilombo tosaoneka ndi maso. Aphunzitsi a sayansi anatiuza kuti timafa m’madzi owira. Anawonjezanso kuti kumayiko akunja madokotala ayamba kukhoma tizitsulo m’fupa la nsagwada, n’kumangirirapo mzere wonse wa mano kuti asamagwedezeke. Pomwepo ndinasankha kudzakhala dokotala wa mano (sabata yapitayo ndinali nditasankha kudzakhala woyendetsa ndege).

Loweruka lina atate anapita ku Zemba kukatenga mtedza. Mano anawasiya m’kapu pawindo, chifukwa msewu wakumeneko umawagwedeza munthu akamapalasa njinga. Amayi anali pamzere kusitolo, poti kunamveka kuti kwabwera sopo. Mawa lake kunkabwera mlaliki wochokera ku Lusaka.

Ndinasuzumira m’kapu muja n’kuona madzi a mbuu. Ndinaganizira tizilombo tonse timene tinkasambira mmenemo, ndiponso mmene mano a atate adzawalire pagome mawa. Ndinateleka poto. Madzi atawira ndinaponyamo mano, n’kuvundikira, n’kupita kukachapa yunifomu.

Powavuula anali oyera bwino, izi zokha ndisaname. Koma kambale kaja kanali katapindika ngati chikopa chouma padzuwa, mano akumanzere akuyang’ana kunja, akumanja akuyang’ana anzawo.

Sindinachite mantha. Ndinati chimene chapindika ndi moto chiwongokanso ndi moto. Ndinawabwezera m’poto, kenako ndinawagwira ndi nsalu n’kuwakanikiza pa bondo. Anawongoka pang’ono, kenako analira kuti tswa, n’kukhala zidutswa ziwiri. Ndinatenga guluu womatira chubu cha njinga, ndinamata, ndinapala m’mbali ndi mpeni kuti pasalale, n’kuwabwezera m’kapu ndi madzi atsopano.

Atate atafika anasamba, n’kuyesa kuvala mano awo. Anayesa mbali iyi, anayesa mbali inayo. Kenako anawanunkhiza.

“Amake mwana, mano anga akununkha njinga.”

“Mwapita nawo ku Zemba kodi?” anafunsa amayi.

“Ndinawasiya m’kapu. Kapena anandilondola.”

Ndinaimirira n’kufotokoza zonse mwadongosolo, kuyambira pa tizilombo. Atate anamvetsera mpaka kumapeto.

“Ndiye tizilomboto tafa?”

“Tafa tonse, atate.”

“Chabwino. Ndiye kuti wina wapindula.”

Amayi anati atumize uthenga kwa a Zulu kuti mawa amasulire okha. Atate anakana. Anati munthu ukasiya malo tsiku limodzi, pobwera umapeza mnzako atawafunditsa. Mano ndi okometsera chabe, anatero, Chingelezi chili m’mutu.

Lamlungu tchalitchi chinadzaza, ena anachita kuyenda pansi kuchokera ku Zingalume. Atate anaima pambali pa mlendo uja, mlomo wakumwamba utalowa m’kati, mpango uli m’manja. Poyamba zinayenda. “Abale ndi alongo” anatuluka bwinobwino, chifukwa mawu amenewo safuna mano. Vuto linali “s”. Aliyense ankatuluka ngati “th”.

Mlaliki anakweza mawu, kunena kuti Satana wasokoneza mabanja athu. Atate anakwezanso awo, ndipo chimene tonse tinamva chinali chakuti Thatana wathokoza mabanja athu.

M’tchalitchi munangoti zii. Mlaliki, poona kuti anthu akhudzidwa, anabwereza. Atate anabwerezanso. Mayi wina wachikulire kumbuyo anafunsa mnzake mokweza, monga amachitira anthu osamva bwino:

“Wathokoza chifukwa chiyani? Tamuchitira chiyani ife?”

Kuseka kunayambira kwa ana, kenako kunafika kwa a kwaya. Ine sindinaseke. Ndinkayang’ana nsapato zanga. A Zulu anadzuka pang’onopang’ono, anamanga batani la jekete, n’kupita kutsogolo akumwetulira ndi mano onse amene anabadwa nawo.

“Pumulani, a Mbewe, mwagwira ntchito,” anatero.

Atate anapuma. Mano atsopano anafuna ulendo wa ku Lusaka ndi miyezi yambiri yodikira, ndipo atafika, akulu a mpingo anati asasokoneze dongosolo limene likuyenda bwino.

Tsiku lija pobwerera kunyumba ndinkayenda kumbuyo kwawo. Pafupi ndi msika ndinalimba mtima.

“Atate, kunja kuli mano okhoma ndi tizitsulo m’fupa. Savulidwa, sasiyidwa m’kapu. Ndikadzaphunzira udokotala ndidzakuikani amenewo.”

Anayenda pang’ono, kenako anatembenuka.

“Amakhoma ndi chiyani, adokotala?”

“Sitinafikepo. Mwina amaboola kaye.”

“Uphunzire ndithu, mwana wanga,” anatero. “Koma ukadzamaliza, udzayambe ndi a Zulu.”

Sayansi ndikuikondabe, ndipo temu ino ndakhoza bwino. Kapu ya mano tsopano imakhala m’sutikesi, ndipo kiyi atate amayenda naye.